Galimoto ya Malume Inkalira Koma Osayenda

Abale ndi alongo, ndaima pamaso panu ngati munthu yekhayo m'boma lino la Salima, kuyambira kudoko la Chipoka mpaka kumathandala a usipa ku Senga Bay, amene anafika pansi penipeni pa chinsinsi cha giyabokosi ya otomatiki. Ena amaiwerenga m'mabuku, ena amaionera pa foni. Ine ndinaiona ndi maso angawa. Ndikati pansi penipeni ndikunena pansi ndithu. Ndinagona chagada pamchenga, kunsi kwa galimoto, nditagwira tochi, uku munthu wodziwa ntchitoyo akundikalipira kuti ndikuunika polakwika.

Dzina langa ndine Limbani. Kwa zaka zinayi anthu ankanditchula Injiniya, ndipo sindinawaletse, chifukwa si ulemu kudula munthu pakamwa. Zoona zake n'zakuti ndinalowadi koleji ya zaumisiri ku Lilongwe kukaphunzira zamagalimoto. Ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Kenako akuluakulu a sukuluyo anandilembera kalata yokoma kwambiri yondipempha kuti luso langa ndikalionetse kwina. Phunziro la magiya a otomatiki linali kumapeto kwa chaka chachiwiri.

Ndikuona ena mwayang'ana pansi. Musatero. Ndikudziwa kuti pakati panu pali munthu amene m'mawa uno waika giya pa D, n'kuwerenga mpaka teni galimoto isanaganize zosuntha, kenako wauza mkazi wake kuti ndi kuzizira. Kuzizira ku Salima kuno? M'bale wanga, umboni uwu ndi wako.

Malume anga anagwira ntchito ya boma zaka zambiri. Atapuma anagula galimoto ya ku Jeremani kwa bwana wina wa pa loji amene ankabwerera kwawo. Inali yakuda, yaitali ngati bwato, mipando yachikopa, matabwa onyezimira pa dashibodi. Msinkhu wake ndi wanga unali umodzi, koma iyo inkaoneka kuti yachitapo kanthu pa moyo wake. Malume atamwalira, banja linakhala pansi. Mwana wawo Yohane, msuweni wanga, amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa siteji ya ku Senga Bay, anati galimotoyo igulitsidwe chifukwa imadya ngati mlendo wopanda manyazi. Ine ndinaimirira monga mwana wa mlongo wawo wa malemu, komanso monga munthu wa koleji, n'kulankhula kwa mphindi makumi awiri. Theka la mawu anga silinamveke, n'chifukwa chake ndinapambana.

Chigamulo chinali chotere. Makiyi apite kwa Limbani kwa chaka chimodzi, azinyamulira maukwati. Koma tsiku lovundukula chiliza cha malume, galimotoyo idzanyamule azakhali, akazi a malemu, kuchokera ku Senga Bay mpaka kumanda kumudzi, kupitirira Chipoka, ikuyenda ndi mphamvu zake, osakokedwa, osakankhidwa. Ikadzalephera, makiyi apite kwa Yohane, agulitse.

Miyezi isanu yoyambirira ndinali munthu. Ndinagula jekete ndi magalasi akuda. Loweruka lililonse ndinkanyamula akwati, maliboni ali pa boneti, hutala ikulira kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo. Ndikamadutsa pa siteji ya kabaza ndinkatsitsa windo ndi batani, pang'onopang'ono, kuti Yohane ndi anzake adziwe kuti padziko pano pali mawindo ena osatsitsidwa ndi mkono.

Ndinkagona m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya malume, galimoto n'kumagona pabwalo. Mukudziwa bwalo la kunyanja, ndi mchenga wokhawokha. M'mawa uliwonse ine ndisanadzuke azakhali ankasesa bwalo lonselo, n'kuwerama kulowetsa tsache mpaka kunsi kwa galimoto. Ndikamatuluka ndinkapeza mizere ya tsache yokha, yoongoka ngati ya m'kope. Tsiku lina anandipeza ndikupukuta magalasi.

"Limbani, galimotoyi ikukodza."

"Ndi madzi a eyakoni amenewo, azakhali."

"Madzi amaumba mchenga timibulu?"

"Izi n'za sayansi, azakhali. Tisiyireni ife."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tsache lawo, n'kulowa m'nyumba. Sanabwerezenso. Azakhali chinthu amanena kamodzi.

Matenda anayamba mwaulemu. M'mawa ndikaika pa D, galimoto inkayamba yaganiza kaye, ngati kalaliki amene wamupempha fayilo, kenako n'kugwedezeka, gu, n'kuyenda. Patapita masabata angapo, ndikaponda moto kuti ndipitirire lole, singano ya injini inkakwera, injini kukuwa, koma liwiro lomwe lija. Kumeneko ndiko amakaniko amati kusilipa: injini ikugwira ntchito koma matayala sakulandira uthenga. Pachitunda zinkanyanya, pokhotanso chimodzimodzi. Kenako inayamba kukakamira pa giya yachiwiri, osasintha, mpaka nditazimitsa n'kulizanso.

Munthu wanzeru akanayeza oyilo wa giyabokosi. Inenso ndinatsegula boneti kufunafuna kachitsulo koyezera. Ndinapeza ka injini kokha. Ndinafunsa foni, n'kuwerenga mizere iwiri yoyambirira, yonena kuti magalimoto a mtundu umenewu anatuluka kufakitale ndi giyabokosi yomata, oyilo wake wa moyo wonse. Mzere wachitatu sindinaufike, bandulo inatha. Mizere iwiriyo inasanduka chiphunzitso changa, ndipo ndinkachilalikira pa botolo sitolo kwa aliyense wosafunsa: "Iyi sithiridwa oyilo. Anaisindikiza ngati chitini cha nsomba."

Tsono galimoto yodula ikadwala, akatswiri amatuluka ngati ngumbi. Anthu amene sanayendetsepo ngakhale wilibala ankaima mozungulira boneti, manja kumbuyo, kugwedeza mitu ngati ali pa siwa. Wina anati ndi mapulagi. Ndinasintha mapulagi. Wina anati ndi petulo wa m'zigubu. Wina, wogulitsa mazira owiritsa, anati tiikankhe chobwerera kuti magiya akhalenso m'malo mwake, ndipo amuna asanu ndi mmodzi a ndevu zawo anaikankhadi. Mkulu wa onsewa anali makaniko wa pansi pa mtengo amene amadzitcha Dokotala. Zida zake ndi hamala, sipanala ziwiri ndi pakamwa. Analowa kunsi, n'kugogoda giyabokosi katatu ngati akuyesa chivwende, n'kutuluka nkhope ili yachisoni.

"Injiniya, limbani mtima. Yapita iyi."

"Ndiye titani?"

"Mugule giyabokosi ina ku Lilongwe, koma mtengo wake mugulitsa nyumba. Kapena mundipatse ndiiphwasule, ndikupatseni kenakake kopukutira misozi."

Ndinamuuza kuti ndiganiza. Loweruka lotsatira ndinali ndi ukwati wa mphunzitsi wina wa kusekondale, ndipo ndinkakhulupirira kuti galimoto ya ulemu wake siingachite manyazi pagulu.

Tinanyamuka kutchalitchi ku boma kupita kuholo ya pa loji ku Senga Bay, magalimoto asanu ndi atatu akutitsatira. Njira yonse inakana kuchoka pa giya yachiwiri. Tinkayenda ngati tanyamula maliro, injini ikukuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Titafika pa kachitunda kaja ka kufupi ndi mapiri, kachitunda koti mwana wa sukulu amakwera pa njinga akudya mzimbe, singano inakwera mpaka pofiira, galimoto n'kuima. Kenako inayamba kubwerera. Mkwati anafunsa ngati zimenezinso ndi mbali ya pulogalamu. Mkwatibwi sanafunse kanthu, anangotsegula chitseko. Anafika kuholo pa njinga yamoto, diresi atalikulunga m'manja, chophimba kumutu chikuuluka, ndipo amene anamunyamula anali Yohane.

Pambuyo pake zinthu zinathamanga. Foni inasiya kulira. Akomiti a maukwati akandiona ankaoloka msewu. Ndinayamba kufika pa botolo sitolo asanatsegule, kuwathandiza kutsitsa makireti. Ndinagulitsa tayala la sipeya, kenako jeke, kenako wailesi ya m'galimoto, wailesi ya malume, imene inali ndi kaseti yawo ya kwaya m'kati. Zonsezo zinadutsa pakhosi. Galimotoyo ndinapita nayo kwa mneneri wina wa suti yobiriwira, amene anaizungulira kasanu ndi kawiri, n'kudzoza boneti mafuta a m'kabotolo. Pa miyezi yonseyo amenewo ndiwo mafuta okhawo amene galimotoyo inalandira, ndipo anathiridwa pamwamba. Atatseka maso anati akuona wachibale wapafupi, wa matayala awiri, amene waimanga. Nkhani ya ukwati ija inali itamveka boma lonse, koma ine ndinati, taonani mphatso ya kuona.

Ndinachoka kumeneko, n'kudutsa pa botolo sitolo kukatenga mphamvu, n'kupita pa siteji masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinaima pakati pa njinga n'kuloza msuweni wanga chala.

"Yohane! Masula galimoto ya malume! Ndadziwa zonse!"

"Suweni, wadya chilichonse lero?"

"Mfiti iwe! Ukufuna makiyi!"

"Makiyi ndiwafunadi, koma ndidikira chiliza. Ufiti wake uti, pomwe iweyo ukugwira ntchito yabwino wekha?"

Anzake anaseka mpaka wina anagwetsa chipewa. Ndinaponya chibakera. Chinapita kumene kunalibe munthu, ine n'kuchitsatira mpaka pansi. Yohane anandidzutsa, n'kundikhazika pa njinga yake, ndipo poona kuti ndikupendekera, anatenga lamba wa mphira womangira madengu a nsomba n'kundimangirira kumsana kwake. Anandidutsitsa pamsika wonse choncho. Mwana wa bambo amene galimoto yawo ndinkaidya chiwalo chimodzichimodzi, amene ndinangomutchula mfiti pamaso pa anzake, anandipereka pakhomo, n'kumasula lamba, n'kuuza amayi ake kuti andipatse phala. Tsiku lomwelo, ndili pamphasa, ndinaimbira Dokotala kuti abwere Lachisanu ndi lole azakhali akapita kumsika. Ndinkafuna kuigulitsa mwakuba, ndidzanene kuti yapita ku Lilongwe kukakonzedwa. Chiliza chinali chitatsala masabata awiri. Pamenepo, abale, ndipo panali pansi panga.

Mawa lake azakhali anagogoda pakanyumba kanga atanyamula katoni yaikulu yophwasula.

"Galimoto ija uyende nayo mpaka pamsika n'kubwerera. Ukabwera uiimike pamwamba pa katoni iyi. Mawa usatuluke, kukubwera makaniko."

"Makaniko wake uti? Onse ndawaona."

"Asiyatu, mwana wa Che Amidu. Wa galaja ya kuseri kwa depoti."

Asiyatu ndinalowa naye koleji tsiku limodzi. Anali mtsikana yekha m'kalasi mwathu, ovolosi pathupi, mpango kumutu, ndipo ine ndinali mtsogoleri wa omuseka. Ndinkamufunsa ngati sipanala siimuthyola zikhadabo. Iye anamaliza. Kwa miyezi yonse ya matendawa ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pa galaja yake. Ndinali wokonzeka kufunsa wogulitsa mazira, koma osati iye.

M'mawa mwake, koyamba chichitikireni maliro a malume, bwalo silinasesedwe. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda kufunsa ngati azakhali akudwala. Cha m'ma eyiti njinga ya Yohane inalowa, kumbuyo kuli Asiyatu ndi bokosi la zida pamiyendo. Anapereka moni kwa azakhali atagwada pang'ono, kenako n'kutembenukira kwa ine.

"Injiniya! Ndamva kuti masiku ano mumayenda omangidwa lamba. Chitetezo chabwino."

"Mwadzuka bwanji, Mayi Asiyatu."

"Mayi? Unkakopera homuweki yanga ukunditchula Asi. Koka katoniyo."

Ndinaikoka. Pakati pake panali banga lalikulu ngati mbale, lofiirira, lonyowa. Miyezi yonseyi mchenga unkamwa, tsache n'kumalizitsa, ine n'kumatuluka ndi jekete langa pabwalo loyera.

"Eyakoni yako imatuluka magazi?" anandifunsa.

Anaviika chala, n'kununkhiza, n'kupaka pa pepala loyera, n'kuliyang'anitsa padzuwa. Sanafulumire. Dokotala anaweruza galimotoyi pa mphindi imodzi. Iyeyu pofika apa anali asanatchule matenda alionse.

"Liza. Tiyende, itenthe kaye. Oyilo wa otomatiki sayezedwa wozizira."

Ndinayendetsa, iye atakhala pambali, maso ali pa singano, dzanja pa dashibodi. Anandiuza kuti ndiponde pang'ono, kenako kwambiri, kenako ndikhote mwamphamvu. Pokhota paja injini inakuwa, galimoto n'kulekerera. Anangoti, "Ehe." Titabwerera anandiimitsa pamalo athyathyathya, injini ikulira, phazi pa buleki, n'kundiuza kuti ndidutse magiya onse imodziimodzi, paliponse ndiziima pang'ono, kenako ndibwerere pa P. Anatsegula boneti, n'kupisa dzanja kuseri kwenikweni kwa injini, n'kupukuta fumbi pa kachivundikiro kakuda kamene kanali pamwamba pa paipi yopyapyala.

"Ichi n'chiyani, Limbani?"

"Ndi... kopumira."

"Asitafurulai."

Anatsegula kachivundikiroko. M'bokosi mwake anatulutsa waya wa buleki ya njinga yakapalasa, wautali, wokhala ndi zizindikiro ziwiri zopala ndi fayilo chakunsonga. Anati magalimoto amenewa paipi yoyezera ali nayo, koma kachitsulo kake anasiya kuikamo kuti eni ake azipita kugalaja, choncho iye anapanga kake, n'kukayerekeza ndi kenikeni ka mnzake wa ku Lilongwe. Analowetsa wayayo pang'onopang'ono mpaka anagunda pansi, n'kumutulutsa. Kansonga kokha ndiko kananyowa. Zizindikiro zonse ziwiri zinali zouma gwa.

Ndinayesa komaliza. "Komatu analemba kuti oyilo wake ndi wa moyo wonse."

"Moyo wa ndani? Wa galimoto, kapena wa bwana woyamba uja amene ankadziwa kuti pakatha zaka zisanu agula ina? Tamvera, poti tsiku limene tinkaphunzira izi unali utapita kale. Mu otomatiki oyilo ndiye mwendo wako wakumanzere, woponda kilatchi uja. Ndiye amafinya makilatchi kuti agwirane. Akachepa, pampu imayamwa mpweya, makilatchi n'kumangokhudzana ngati moni wa anthu odana. Pachitunda ndi pokhota oyilo wotsalayo amathawira mbali imodzi, ndiye zimanyanya. Kompyuta ikaona zimenezo imaitsekera pa giya yachiwiri kuti usaiphe. Galimotoyi yakhala ikudziteteza kwa iwe."

Yohane anakhosomola, n'kuyang'ana kumwamba.

Tinazimitsa, n'kuikweza ndi jeke wa Asiyatu, poti wanga mukudziwa kumene anapita, n'kuikhazika pa zitsa. Apa ndi pamene ndinagona chagada ndi tochi. Anatsatira kunyowako ndi chala, kuchokera pa beseni la pansi pa giyabokosi kukwera m'mbali, mpaka pamalo pamene mawaya amagetsi amalowera. Anamasula pulagiyo. M'kati munali oyilo wokhawokha. Anasolola timphira tiwiri tozungulira, tochepa ngati mphete. Anapinda kamodzi, n'kuthyoka ngati usipa wouma.

"Mdani wako ndi uyu," anatero. "Alibe matayala awiri."

Anandionetsanso china chimene sindikanachikhulupirira. Oyilo uja anali atakwera m'kati mwa mawaya, ngati palafini pa chingwe cha koloboyi, mpaka kukafika pa kabokosi ka kompyuta. Anakatsegula, n'kukapopera mankhwala otsukira, n'kukayanika. Kenako anapempha azakhali mbale yoyera, n'kukhetseramo oyilo pang'ono wa m'giyabokosi, n'kupita nayo padzuwa. Tonse tinamutsatira ngati tikupita kukamva zotsatira za kuchipatala. Anapendeketsa mbaleyo uku ndi uku, n'kununkhizanso.

"Wada, koma sananunkhe chopserera. Tizitsulo mulibe. Ukanayenda nayo mwezi wina, bwenzi mbale iyi ikunyezimira, ine n'kumakupepesa maliro achiwiri. Uli ndi mwayi wa chitsiru."

Timphira tatsopano anali atabwera nato, chifukwa azakhali atamufotokozera pa foni mbali imene mchenga unkaumbika, anali ataganizira kale. Anatiika. Ndiye anapukuta manja n'kunena kuti chatsala ndi oyilo, ndipo si oyilo wofiira aliyense wa pamsika. Ndi wa mtundu wakewake, wopezeka ku Lilongwe, ndipo ndi wodula. Ndinakhala pansi pamchenga. M'thumba mwanga munali chitsekerero cha botolo ndi machesi.

Azakhali analowa m'nyumba. Tinamva bedi likukokedwa. Anatuluka atanyamula chigubu cha malita asanu chokulungidwa m'chitenje, chosatsegula, pamodzi ndi kafanulo kakang'ono. Asiyatu anawerenga pachigubupo n'kuseka.

"Ndi yemweyu. Mwamutenga kuti, amayi?"

"Bambo ake a Yohane ankathira kapu imodzi mwezi ukatha, pa kapaipi komweko. Ankati ikudontha penapake, adzakonzetsa akachira. Ichi anagula komaliza."

Yohane anatenga kafanuloko n'kumakatembenuza m'manja. Ine ndinafunsa funso lopusa kwambiri pa moyo wanga, ndipo mwamva kale kuti mpikisano wake ndi waukulu.

"Nanga bwanji simunandiuze, azakhali?"

"Zinali za sayansi."

Asiyatu ankathira pang'ono, n'kuliza, n'kuyeza, n'kuthiranso, mpaka oyilo anafika pakati pa zizindikiro ziwiri zija injini ili yotentha. Anati kupyoletsa n'koipanso, amachita thovu. Titalowa mumsewu wa tala ndinaika pa D, ndipo inagwira nthawi yomweyo. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Kenako inalowa ina yachisanu imene ndinali nditaiwala kuti iliko. Kachitunda ka ukwati kaja tinakakwera osakamva. Ndinafuna kulankhulapo mawu a ukatswiri, koma Asiyatu anandidula.

"Usasangalale kwambiri. Makilatchi wawadyako ndithu, sangabwerere. Chiliza chikadutsa ubwere nayo titsitse beseni, tisinthe sefa ndi oyilo yense. Ukaiyendetsa ngati munthu ikhala zaka. Ukaiyendetsa ngati iwe, sindikudziwa."

Tsono inu amene mwakhala apa ndi magalimoto olira osayenda, mverani wochimwa mnzanu. Musanalole munthu aliyense wa hamala kutchula mawu oti yapita, yalani katoni kunsi. Kunyanja kuno pansi sipasunga umboni. Mufunsenso amene amasesa pakhomo panu, chifukwa iyeyo amaona kunsi kwa galimoto yanu tsiku lililonse, pamene inu mumangoona nkhope yanu pa boneti. Oyilo muyeze injini ili yotentha, ikulira, pamalo athyathyathya. Ngati kachitsulo koyezera mulibe, musayambitse mpingo, pitani kwa amene ali nako. Muyang'ane mtundu wake pa chinthu choyera. Wofiira ndi wamoyo. Wakuda wonunkha chopserera ndiye kuti makilatchi apsa, ndipo pamenepo kulira kwanu n'koyenera. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, mwalowa madzi, zimitsani pomwepo. Ikayamba kusilipa musamaiponde moto kuti muigonjetse. Kukuwa kulikonse ndi makilatchi akuperesedwa. Ndipo zoika pa N potsika mapiri ochokera ku Lilongwe kuti musunge petulo, zisiyireni a minibasi, ali ndi Mulungu wawo.

Zina sizikhudza sipanala. Ndinaimbira Dokotala kuti lole isabwere. Anati ndi zakanthawi, ibwereranso kwa iye, ndipo mpaka lero akudikira pansi pa mtengo wake. Ndinakhala pansi pakhonde n'kuuza azakhali zonse, za sipeya, za jeke, za wailesi, ndi za Lachisanu lija. Za Lachisanu anali asakuzidziwa. Anangofunsa ngati kaseti ija inapita limodzi ndi wailesi. Ndinati inde. Ndikanakonda akanandimenya. Ndinapitanso pa siteji, osamwa, nthawi yomwe ija ya masana, n'kupepesa Yohane pamaso pa anzake omwe aja. Anati wamva, koma dzina la mfiti walikonda, makasitomala sakumuthawanso osalipira. Pa botolo sitolo ndimadutsa ndithu, koma windo lili lotseka. Sipeya ndi jeke ndinabweza maukwati atayambiranso. Wailesi mpaka lero mulibe. Timayenda tikumvera magiya.

Tsiku la chiliza tinanyamuka m'mawa, azakhali ali kumbuyo ndi alongo awo awiri, Yohane akutsogola pa njinga. Galimoto inadutsa boma, n'kudutsa Chipoka, n'kukhotera msewu wafumbi, n'kukaima pafupi ndi manda osakhosomola ngakhale kamodzi. Mwambo utatha akuluakulu anatiitana pambali. Mmodzi anati pangano lakwaniritsidwa, makiyi akhale kwa Limbani. Yohane anavomera ndi mutu. Ndinali nditayamba kale kukonza kolala ya jekete pamene azakhali anatambasula dzanja.

"Yafika, ndaona. Aziyendetsa ndi iyeyu. Koma makiyi azigona kwa ine. Akafuna kutuluka azigogoda."

Palibe anatsutsa. Ndinawapereka, iwo n'kuwamanga pa mfundo ya chitenje. Pobwerera ndinachita kuwapempha. Mpaka lero ndimagogoda, n'kunena kumene ndikupita ndi nthawi yobwerera, ngati mwana wa Folomu Wanu.

Lolemba lake ndinapita ku galaja ya kuseri kwa depoti, kudzera njira yachidule koyamba. Ndinali nditakonza mawu aatali opempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono, okhala ndi vesi kumapeto. Ndinamupeza Asiyatu ali m'dzenje, kunsi kwa minibasi, manja okha akuoneka. Ndinayamba ndi mawu oyamba. Anandidula ndisanafike pa mfundo, n'kunena kuti za ntchito yake anamaliza ndi azakhali, anamupatsa dengu la utaka, ine ndingolipira timphira tiwiri tija. Ndinafunsa kuti ndi zingati. Anatchula osatulutsa mutu. Ndinamupempha kuti abwereze, poganiza kuti ziro wina wagwera m'dzenjemo.

Anabwereza, abale: K2,500.